Nyumba Yofunda mu Juni, Yozizira mu Okutobala

Pamene ndinali mphunzitsi wachinyamata ndinatumizidwa kusukulu ina ya kumapiri a Dedza, kumene anandipatsa nyumba ya malata yopanda siling'i. Ndinakondwa kwambiri, pakuti kwathu tinakulira m'nyumba yofolera ndi udzu. Koma chimwemwe changa chinatha mu Juni. Usiku chisanu chinali kutsikira kudenga, m'maŵa malata anali kudonthezera madzi pabulangete, ndipo gawo lalikulu la malipiro anga linathera pa makala. Pofika Okutobala nyumba yomweyo inasanduka ng'anjo, kotero kuti makope a ana ndinali kuchongera patsinde pa mtengo wa mango.

Aŵerengi okondedwa, mabanja ambiri amalimbana ndi chisanu ndi kutentha pogula makala, nkhuni kapena magetsi oonjezera, chonsecho ndalamazo zikuthaŵira padenga ndi m'mipata ya zitseko. Malata ndi opyapyala: amalandira kutentha msanga, amakutayanso msanga. Udzu uli ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa mapesi ake, ndipo mpweya wosayendawo ndiwo umaletsa kutentha kudutsa. Makolo athu sanaphunzire sayansi, koma nyumba zao zinali kugoneka bwino chaka chonse.

Sindikunena kuti tisasule malata, ai. Chofunika ndi siling'i. Amene sangathe kugula mabolodi a kusitolo angathe kuyala mphasa za bango, kapena nsungwi zong'amba, pansi pa mitanda ya denga, nasiya mpata pakati pa mphasazo ndi malata. Ine ndinayamba ndi chipinda chogona chokha, ndi mphasa zinayi, ndipo chaka chotsatira makala anga anatsika ndithu. Chenjezo ndi lakuti mphasa zigwira moto msanga. Musaziyale kukhitchini kapena pamwamba pa malo oyatsira koloboyi.

Amene akumanga nyumba yatsopano ayambe wayang'ana njira ya dzuŵa asanakumbe maziko. Dziko lathu la Malaŵi lili kumwera kwa Equator, choncho mu Juni ndi Julaye dzuŵa limapendekera kumpoto. Zenera loyang'ana kumpoto limaloŵetsa dzuŵa m'nyengo yozizira kwaulere, ndipo khoma la njerwa limasunga kutenthako nkumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Kumapeto kwa Okutobala dzuŵa limadutsa paliwombo, ndipo khonde lotambalala limateteza zenera lomwelo. Khoma lovutitsa ndi la kumadzulo, limene limapsa masana onse. Kumeneko mazenera achepe, ndipo mubzaleko mtengo wa mthunzi, motalikirako pang'ono kuti mizu isang'ambe maziko. Mphepo ya mwera imachokera kumwera chakum'maŵa. Chitseko choyang'ana kumeneko chimaitana chisanu, makamaka kwa abale athu a ku Thyolo ndi Mulanje amene amadziŵa chiperoni.

Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumeneko mwambo wabwino ndi kutsegula mazenera usiku ndi mbandakucha kuti makoma azizire (mutagona m'masikito, chifukwa cha udzudzu), ndi kutseka makatani a mbali ya dzuŵa masana. Kupaka malata utoto woyera kumabweza kuŵala kwambiri kwa dzuŵa. Kuphikira panja kumathandizanso.

Kwa okhala m'tauni, tiyeni tiŵerengere pamodzi monga m'kalasi. Hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi aŵiri pa ola limodzi. Ikayaka maola anayi madzulo alionse, pakutha kwa mwezi yadya mayunitsi 240. Fani ya mawati 50 imatenga maola 20 kuti ithe yunitsi imodzi. Ndiye kuti kuziziritsa thupi ndi fani ndi kotsika mtengo, koma kufunditsa chipinda ndi magetsi kumaboola thumba. Mtengo wa bulangete ndi majuzi a ana mumaulipira kamodzi, zinthuzo nkukhala zaka zingapo. Ndipo chiguduli choyala pampata wa pansi pa chitseko sichifuna ndi tambala yomwe.

Pali kupulumutsa kumodzi kumene ndikukupemphani kuti musakuyese. Usiku wina wa mu Julaye, m'nyumba ya ku Dedza ija, ndinaloŵetsa mbaula ya makala kuchipinda, ndi kutseka chitseko ndi zenera kuti kutentha kusaonongeke. Ndinadzuka pakati pa usiku mutu ukuŵaŵa koopsa, miyendo yopanda mphamvu, ndipo ndinafika pachitseko chokwawa. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo ukaloŵa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino umene thupi limafuna. Munthu wogona amangopitirira osadzuka. Makala ofiira opanda utsi, amene ambiri amawayesa abwino, amautulutsabe. Ana ang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba ndiwo amagonja msanga.

Otherani mbaula pakhonde, kapena m'chipinda chotsegula chitseko, ndipo nthaŵi yogona isanakwane itulutseni panja. Ngati mufuna pogona pofunda, thirani madzi otentha m'botolo lolimba, litsekeni bwino, likulungeni m'nsalu, ndi kuliika kumiyendo. Mukapeza munthu atakomoka pafupi ndi mbaula, tsegulani zitseko zonse, mtulutsireni panja pamphepo, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka.