ORA LIMODZI PA TSIKU: MAU KWA ATATE AMENE ANA AO ALI KU CHITUNGWIZA

Munthu wa pa mgodi sasowa womuuza kuti thupi ndilo cuma cace. Asanalembedwe nchito, dotolo amayamba wamupima cifuwa, mtima ndi maso, ndipo wopezeka wofoka amabwerera kwao cimanjamanja. Tsono funso lathu sabata ino nali: inu amene mumatumiza ndarama za sukulu, za ufa ndi za lendi mwezi ndi mwezi, kodi munayamba mwafunsapo ngati ana anu amathamanga? Tikunena makamaka ndi abale amene mabanja ao ali ku Chitungwiza, kaya inuyo muli ku Ngezi, ku Zvishavane, ku Hwange, kapena kutsidya la Limpopo ku Rustenburg.

KULIBE MBUZI ZOWETA

Chitungwiza ali kumwera kwa Harare, mtunda wa makilomita ngati 25. Mzindawu unakhazikitsidwa m'caka ca 1978 pophatikiza malokeshoni atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, ndipo kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Ena mwa iwo ndi zidzukulu za anthu a ku Nyasaland amene anayenda pansi kudzera ku Tete kudzafuna nchito m'migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia.

Agogo amenewo palibe anawaphunzitsa kulimbitsa thupi. Mnyamata anali kutandala kudambo ndi mbuzi, mtsikana anali kusinja ndi kutola nkhuni, ndipo mwezi ukawala onse anali pabwalo kubvina. Mphamvu zinali kudza zokha pamodzi ndi nchito za pamudzi.

Mwana wa ku Unit L kapena ku Zengeza 4 alibe mbuzi zoweta. Akulu ambiri a m'nyumba amalawira mbandakuca kukakwera kombi ya ku Harare, nabwera kutada. Mwana akaweruka ku sukulu, comudikira ndi kanema ndi telefoni ya m'manja, ndipo kawiri kawiri telefoniyo anagula ndi atate ace omwe, mwa cikondi. Dzuwa limalowa mwanayo ali khale pampando.

ZIMENE MADOTOLO ANENA

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalemba m'caka ca 2020 kuti mwana wa zaka 5 kufikira 17 asewere kapena kugwira nchito yotulutsa thukuta mphindi 60 pa tsiku. Pa masiku atatu a sabata pakhale masewera olimbitsa minofu ndi mafupa, monga kulumpha ndi kuthamanga kolimba. Akulu anawaikira mphindi 150 kufikira 300 pa sabata. Kafukufuku wa bungwe lomwelo wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse a zaka 11 kufikira 17, ana 81 safika pa muyeso umenewu, ndipo otsalira koposa ndi atsikana.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Mtima ndi mnofu monga wa pamkono: ukamagwira nchito umalimba, ukakhala cabe umafoka. Mafupa nao amakhwima pa ubwana ndi pa unyamata, pamene mwana alumpha ndi kuponda pansi kolimba. Munthu akakula nkobvuta kubweza zimene zinatayika pamenepo. Minofu yogwira nchito imatha shuga wa m'mwazi, cotero mwana wothamanga amadziteteza ku nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa mwazi, zimene zimagwira munthu atakula. Amagonanso tulo tabwino, nadzuka ndi mutu wopepuka wa kumva aphunzitsi. Akale anati m'mera mpoyamba.

MABWALO ANACEPA

Tisawanamizire ana ulesi wokha, pakuti malo osewerera anawathera. M'mwezi wa September 1995, pamene Zimbabwe analandira masewera a maiko onse a mu Africa, mipikisano ya kusambira inacitikira ku Chitungwiza Aquatic Complex, pa dziwe la mamita 50 lomangidwira masewera amenewo. Patapita zaka zowerengeka dziwelo linaleka kugwira nchito, ndipo kwa zaka zambiri anthu anadziwa malowo ngati a zoimbaimba ndi misonkhano ya mipingo. Mu 2013 Boma litafufuza za malo mu mzindawu linapeza kuti mapuloti zikwi zambiri anagulitsidwa mosatsata lamulo, ena m'madambo, ena pa malo osungidwira masukulu ndi masewera. Pamene panali magoli lero pali nyumba.

Palinso bvuto la madzi. Kolera ya 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, inayambira ku Chitungwiza komweko m'mwezi wa August. Mai amene aletsa mwana kusewera pafupi ndi ngalande ya zonyansa sanalakwe ai. Koma kumtsekera m'nyumba kuli ndi ngozi yacenso. Mnyamata wosowa cocita amapeza anzace osowa cocita, ndipo kumapeto kwace ndi pa mlatho pamene amagulitsa mutoriro ndi mankhwala a cifuwa oledzeretsa amene amati bronco. Makolo ambiri a m'malokeshoni alira nazo zimenezi. Mwana amene timu ikumuyembekeza pa 4 koloko alibe nthawi yokhala pa mlatho.

MIGODI INABALA AKATSWIRI

Anthu a m'migodi sindiwo alendo pa nkhani ya masewera. M'makomponi tsiku la Sabata linali la mpira ndi la magule, mtundu uli wonse ndi ng'oma zace. Matimu a Wankie, Rio Tinto, Shabanie Mine ndi Mhangura anabadwira pa migodi, nabvutitsa matimu a m'mizinda ikuluikulu. Ku Mhangura, mgodi wa mkuwa umene unatsekedwa mu 2000, banja limodzi la a Chieza linatulutsa ana angapo obvala malaya a timu imodzi, ndipo Tendai Chieza anasankhidwa katswiri wa mpira wa dziko lonse mu 1970.

Ana a makolo ocokera ku Malawi naonso anachuka. Moses Chunga anacokera ku Dynamos kukasewera ku Belgium. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo mu 1978, anafika ku Portsmouth ndi ku Manchester City. Ndipo atsikana asaiwalike: timu ya mpira wa manja ya Zimbabwe inafika pa nambala 8 pa mpikisano wa dziko lonse ku Liverpool mu 2019, ndipo Kirsty Coventry, amene anapata mendulo 7 za Olympics posambira, anasankhidwa mu 2025 kutsogolera bungwe la masewera amenewo.

Sitikunena kuti mwana ali yense adzakwera ndege cifukwa ca mpira. Ofika kumeneko ndi owerengeka. Koma mwana ali yense adzafuna mtima wolimba ndi msana wolimba, kaya adzakhale kalaliki, namwino kapena woyendetsa makina pansi pa nthaka.

CIMENE TATE ANGACITE ALI KUTALI

Wina adzati, "Ine ndiri kuno, ndingatani?" Zocita ziripo, ndipo zambiri sizilira ndarama.

Coyamba, funsani. Poimba telefoni musalekere pa mayeso ndi fizi. Funsani mwana kuti lero wasewera ciani, ndi yani, ndipo anapambana ndani. Mwana amalimbikira cinthu cimene atate ace amacifunsa.

Caciwiri, panganani ndi amai ace a ana. Iwo ndiwo ali nao tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo loikidwa ndi munthu wa kutali popanda iwo silikhala. Gwirizanani kuti kanema ndi telefoni zidikire mpaka mwana atasewera ndi kulemba nchito ya ku sukulu. Mphindi 60 zija sizifunika kukwanira nthawi imodzi: kuyenda pansi kupita ku sukulu, kusewera pa nthawi yopuma ndi mpira wa madzulo, zonse zimawerengedwa.

Cacitatu, musapeputse masewera a makolo. Phada, amene anzathu a Cishona amati pada, amangofuna khala lolembera pansi ndi kamwala. Jingo amafuna cingwe, fulaye amafuna kampira, cipako cimafuna anzace basi. Mpira wa mapepala womanga ndi zingwe, umene ana a kumeneko amati chikweshe, waphunzitsa anyamata ambiri kucenga. Kubvinanso ndi masewera: yesani gule wa Borrowdale wa Alick Macheso, woimba wa ku Chitungwiza komweko, muone ngati simutuluka thukuta nyimbo isanathe.

Cacinai, potumiza katundu wa Khrisimasi ikanimo mpira kapena nsapato zothamangira. Mpira umodzi umasonkhanitsa ana a mseu wonse, pamene telefoni imakhazika pansi mwana mmodzi.

Cacisanu, gawani nchito mofanana. Si bwino kuti mtsikana athere madzulo onse pa mzere wa pa mjigo pamene mlongo wace ali ku mpira. Kusenza cidebe ndi nchito yolemetsa khosi, sikulowa m'malo mwa kusewera. Anyamata atungeko madzi, atsikana apeze nthawi ya mpira wa manja.

Cacisanu ndi cimodzi, sankhani malo. Bwalo la sukulu kapena la chalichi liposa mseu wa magalimoto ndi m'mbali mwa ngalande. Makolo a nyumba zoyandikana angasinthane kuyang'anira ana, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanagwire cakudya. Mwana wodwala mphumu kapena mtima ayambe waonedwa ku kiliniki, kuti anamwino anene masewera omuyenera.

POBWERA PA CHUTI

Potsiriza, abale, mau okha sakwanira. Mace mbuu, mwana mbuu. Ngati masiku onse a chuti muwathera ku bawa ya ku Makoni, ana adzaphunzira kuti kupuma kwa mwamuna ndi botolo. Dzukani nao m'mawa Loweruka, yendani nao pansi, imani pagoli iwo akuceteni. Mukamva kuti ku Chibuku Stadium kapena ku sukulu kwao kuli mpikisano, pitani mukaime pambali pa bwalo, mwana akuoneni.

Ndarama zimene mumakumba pansi pa nthaka zimagula mabuku ndi yunifomu, ndipo mucita bwino kuzitumiza. Koma thupi lobvala yunifomuyo siligulidwa m'sitolo. Sabata ino poimba telefoni kunyumba, yambani ndi funso ili: "Mwanawe, lero wasewera ciani?"