Kodi Lamulo la Zachuma Lingawombane ndi Malamulo Aakulu a Dziko? Zimene Zidachitika ku America

Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi bajeti yake. Pamwamba pa zonsezi pali boma la ku Washington, lomwe limatolera misonkho yochuluka n'kumagawirako zigawozo. Mkangano umabuka ndalamazo zikabwera ndi zoyenera kutsatira: kodi boma lingagwiritse ntchito thumba lake polamula chigawo pa nkhani imene malamulo aakulu a dzikolo adaisiya m'manja mwa chigawocho?

Malamulo aakuluwo ali ndi ndime 27 zimene zidawonjezedwa pambuyo pake. Ndime yachikhumi, ya mu 1791, imati mphamvu zimene sizidaperekedwe ku boma la ku Washington ndi za zigawo kapena za anthu eni ake. Komabe malamulo omwewo amalola nyumba ya malamulo ya Congress kutolera misonkho ndi kugwiritsa ntchito ndalama pa zokomera anthu onse. Mfundo ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse.

Mu 1984 Congress idakhazikitsa lamulo loti chigawo chololeza anthu osakwana zaka 21 kugula mowa chidzalandidwa 5 peresenti ya ndalama zake za misewu. Chigawo cha South Dakota, komwe wa zaka 19 ankaloledwa kugula mowa wosaledzeretsa kwambiri, chidakasuma. Chidati ndime yowonjezera ya 21, ya mu 1933, idasiya nkhani za mowa m'manja mwa zigawo. Mu 1987 bwalo lalikulu la Supreme Court lidakana dandaulolo, majaji asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi atagwirizana. Bwalolo lidaona kuti ndalama zolandidwazo n'zochepa, choncho kudali kunyengerera chabe, ndipo chigawo chikadatha kukana. Koma lidachenjeza kuti kunyengerera kukapyola muyeso kumasanduka kukakamiza.

Chenjezolo lidagwira ntchito patatha zaka 25. Mu 2010 Pulezidenti Barack Obama adasainira lamulo la zaumoyo la Affordable Care Act, lomwe lidafuna kuti zigawo zilembe anthu ena ambiri mu Medicaid, ndondomeko yolipirira osauka kuchipatala. Boma la ku Washington lidalonjeza kulipira pafupifupi ndalama zonse za anthu atsopanowo, koma chigawo chokana chikadatha kutaya ndalama zonse za Medicaid, ndi zimene chinkalandira kale zomwe. Zigawo 26 zidapita kubwalo.

Pa 28 June 2012, majaji asanu ndi awiri adati apa boma lidapyola malire. Mkulu wa majaji, John Roberts, adayerekeza chilangocho ndi mfuti yolozetsedwa pamutu. Kusiyana kwake kudali m'manambala: South Dakota ikadataya ndalama zosakwana theka la 1 peresenti ya bajeti yake, pamene pa Medicaid chigawo chikadataya zopitirira 10 peresenti. Palibe bwanamkubwa angakane zotere. Chodabwitsa n'chakuti bwalolo silidanene kuti malire enieni ali pati pakati pa manambala awiriwa, ndiye lamulo lililonse lalikulu la zachuma likhoza kuyambitsa mlandu wina.

Bwalolo silidathetse lamulo lonse. Lidangochotsa chilango, zigawo n'kusiyidwa kuti zisankhe zokha. Chigamulochi chidateteza ufulu wa zigawo, koma amene adamva kuwawa kwake ndi anthu osauka, chifukwa mwayi wa chithandizo udayamba kudalira kumene munthu akukhala. Pofika 2024 zigawo khumi, kuphatikizapo Texas ndi Florida, zidali zisanavomere kuwonjezera anthu mu Medicaid. Ku South Dakota kuja, anthu eni ake ndiwo adavomereza kudzera m'voti ya mu 2022.