Matayala a Ngolo: Aang'ono Kapena Aakulu?

Lero tikambe za matayala a ngolo zimene mumatengera mbatata ya kachewere kunka nayo ku Linthipe kapena ku Dedza.

Ambiri a inu mumakonda tayala laling'ono chifukwa ngolo imakhala yaifupi, ndipo kukweza matumba, ngakhale njinga yamoto, sikupweteka msana. Zimenezo nzoona. Koma tamverani. Tayala lotalika masentimita 45 limazungulira ka 700 pa kilomita imodzi, pamene la masentimita 60 limazungulira ka 530 kokha. Chotero ngolo ikamakokedwa ndi galimoto pa msewu wa M1, laling'onolo limatentha ndi kutha msanga.

Nanga m'njira zathu za kuphiri kuno, makamaka dzinja? Tayala laling'ono limagwera m'dzenje lililonse ndi kutitimira m'matope. Chitsulo cholumikiza mawilo chimagunda miyala, ng'ombe nkumangopsa mkwapulo popanda mlandu. Lalikulu limadutsa bwino.

Tsono sankhani lalikulu, lofanana ndi la magalimoto oyenda kuno, kuti likaphulika mupeze lina pafupi. Koma musaunjike katundu kwambiri, pakuti ngolo yaitali sichedwa kugudubuzika pa njira yopendekeka.