Wazisudzo wa mu Lusaka amadyera pabwalo

Achinyamata amene amabwera kudzandifunsa za ntchito ya zisudzo amakhala maso ali kale ku Lusaka Playhouse. Ndi nyumba yabwino ndithu, ya mipando, makatani ndi magetsi ake, yomwe azungu anamanga m'zaka za m'ma 1950 kuti azioneramo masewero akwawo. Ndaseweramo ndipo ndimaikonda. Koma ndimawauza mosabisa kuti lendi ya kanyumba kanga ku Kanyama sichokera m'holo. Sewero la m'holo, kulikonse kumene ili, limafuna kuti gulu lilipire malo, lisindikize matikiti, lipeze galimoto yonyamula katundu. Zotsalazo mukagawana, nthawi zina zimangokwana minibasi yobwerera kukomboni.

Ntchito yodyetsa munthu ili panja: pamsika, pakiliniki, pasukulu, pabwalo la mpira. Njira imeneyi anaitsegula ndi akuluakulu athu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a pa University of Zambia pamodzi ndi mphunzitsi wawo Michael Etherton ankayenda ndi gulu la Chikwakwa, kupita ndi masewero kwa anthu m'zinenero zawo. Nthawi yomweyo Kabwe Kasoma ankalemba sewero la Black Mamba, ndipo Masautso Phiri ndi anzake a gulu la Tikwiza anadzatchuka ndi sewero la Soweto. Mu 1979 kunachitika msonkhano ku Chalimbana wophunzitsa kugwiritsa ntchito zisudzo pa chitukuko, ndipo m'zaka za m'ma 1980 gulu la Kanyama Theatre linaonetsa kuti ana a m'komboni angathe kukhalira zisudzo zokhazokha, osadalira ntchito ina.

Lero zimayenda chonchi. Bungwe lili ndi uthenga, kaya wa HIV, wa nkhanza za m'banja, wa kalembera wa mavoti kapena wa kolera, ndipo likudziwa kuti kapepala anthu amakulungira tomato. Ndiye limafuna gulu la drama. Kolera itavuta ku Kanyama kumapeto kwa 2017, komanso mu January 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, nkhani ya madzi a m'zitsime zosazama ndi kusamba m'manja inafunika kufika khomo ndi khomo, ndipo pa ntchito yotereyi ng'oma imaposa chikwangwani.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Bungwe siliitana munthu mmodzi, ngakhale akhale waluso chotani. Limaitana gulu lolembetsedwa, lokhala ndi satifiketi, akaunti ya kubanki ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku ZRA. Kulembetsa gulu kumadzera ku National Arts Council, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994, ndipo magulu amalowanso m'mabungwe monga NATAAZ ndi ZAPOTA. Choncho wofuna ntchito ayambe wapeza gulu, ndipo gulu silifunsa makalata a sukulu. Limakuona pa rehearsal: kodi umafika nthawi yake, kodi umanyamula ng'oma osadandaula, kodi mnzako akadwala ungalowe m'malo mwake mawa lomwe?

Tsiku la ntchito pamsika wa ku Chawama limayamba ndi ng'oma. Oimba amawamba zikopa pamoto wa makatoni, atsikana amamanga zitenje m'chiuno, ndipo gule amayamba popanda kulengeza chilichonse. Ana ndiwo amayamba kufika, kenako amayi a pa tebulo la ndiwo amatembenuka ndalama zili m'manja, pomaliza abambo amaima patali manja ali m'thumba ngati sizikuwakhudza. Bwalo likadzaza, sewero limalowa. Maikolofoni palibe, ndiye mawu ako ayenera kupyola hutala ya minibasi ndi wailesi ya m'shopu. Ukayankhula Chinyanja wina akuyankha m'Chibemba, umutsatire komweko. Woledzera akalowa pakati n'kuyamba kukulangiza, sumuthamangitsa. Umamutcha "amalume" n'kumupatsa mbali, anthu n'kufa ndi phwete. Pamene nkhani yafika pothina, mtsogoleri amaimitsa sewero n'kufunsa khamulo kuti mayi wa m'seweroli achite chiyani. Mkangano umene umabuka pamenepo ndiwo bungwe lalipirira.

Za malipiro ndiye tizinena poyera. Kawirikawiri ndalamayo amaitcha transport refund, ngati kuti munthu wangokwera basi osagwira ntchito. Bungwe lina linatisewetsa mwezi wamvula, matope ali m'maondo, koma ndalama inabwera chimanga chitauma. Palinso atsogoleri a magulu amene amasaina okha pangano, osewera osadziwa kuti zalowa zingati. Ine masiku ano ndimafunsa ndisanavale chovala: ndi zingati, zibwera liti, tigawana bwanji. Ntchito imachuluka chakumapeto kwa chaka, kuyambira pa 25 November pamene amayamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kudzanso pa 1 December, tsiku lokumbukira Edzi. Miyezi ina kumakhala zii, ndipo ambiri timapulumukira kusukulu, kuphunzitsa ana okonzekera mipikisano ya NASAAZ.

Poyambira palipo. Ku Mtendere kuli Africa Directions. Barefeet Theatre, yomwe inayamba mu 2006 ndi Adam McGuigan wa ku Ireland pamodzi ndi achinyamata amene ankakhala m'misewu, yaphunzitsa ambiri. Ku Chibolya kunabadwira Circus Zambia. Wa ku Matero, George kapena Kalingalinga afunse kutchalitchi ndi kukiliniki yakwawo, chifukwa anthu a kumeneko amadziwa gulu limene limabwera kudzasewera. Kanema nayenso watsegula khomo chiyambire tchanelo cha Zambezi Magic mu 2015, ndi masewero monga Mpali ndi Zuba, ngakhale kamera imadana ndi kukuwa kumene tinazolowera pamsika. Zoitana anthu ku audition zimayenda pa Facebook ndi WhatsApp. Wina akati mulipire kaye kuti akuoneni, gwirani thumba lanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ndalama ya uthenga imafooketsa luso. Sewero limangokhala lomwelomwelo: bambo chidakwa, mayi wolira, nesi wodziwa zonse. Wosewera amazolowera kusekedwa msanga, n'kuiwala kusunga mtima wa munthu kwa ola lathunthu. N'chifukwa chake gulu lanzeru limasunga sewero lakelake, losatumidwa ndi aliyense, n'kupita nalo ku mipikisano ya NATAAZ kapena ku Playhouse ngakhale litaluza ndalama. Kumeneko n'kumene otsogolera masewero ndi opanga mafilimu amakhala pansi n'kuona amene akutha ntchito.

Inu amene mukufuna kuyamba, pezani gulu la m'komboni mwanu sabata ino, phunzirani ng'oma ndi gule mmodzi kapena awiri, ndipo musalowe m'bwalo musanamve mtengo wake.