Payipi ya Makina Opumira Usiku: Kuisamalira M'nyengo ya Chiperoni

Chiperoni chikakuta minda ya tiyi ku Thyolo m'miyezi ya June ndi July, zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma. Inali nyengo ngati imeneyi pamene tinachezera banja lina pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Bambo a m'nyumbamo amayang'anira ntchito pa fakitale ya tiyi, ndipo kwa zaka ziwiri ankagona atavala makina othandiza kupuma a CPAP, amene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg adokotala atawapeza ndi vuto lobanika kutulo.

Tinapeza makinawo ali m'katoni pansi pa bedi. Mayi anatiuza kuti bambo anawasiya chifukwa mpweya wake unayamba kununkha chinyezi, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka akuyetsemula ndi kutsokomola. Patangopita milungu itatu, mkonono unabwerera, mutu unayambanso kuwawa m'mawa, ndipo tsiku lina anasinza akuyendetsa galimoto pa msewu wopita ku Limbe. Mwamwayi mayi anali pambali pawo, anawagwedeza. Titaunika ndi tochi m'kati mwa payipi ya makinawo, tinaona timadontho ta madzi ndi timawanga takuda ta nguwi. Payipiyo inali isanatsukidwepo chiigulireni.

Mkonono si nthabwala nthawi zonse

Ambiri timaseka munthu woliza mkonono, koma ena mwa anthu otere amasiya kupuma ali mtulo. Minofu ya kukhosi imalefuka, njira ya mpweya n'kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kenaka munthu amadzidzimuka ngati watsamwa, n'kugonanso osadziwa chimene chachitika. Madokotala amawerenga kuti zimenezi zachitika kangati pa ola. Zikachitika ka 5 mpaka 14 vutolo ndi laling'ono, ka 15 mpaka 29 ndi lapakatikati, ndipo ka 30 kapena kuposa ndi lalikulu. Likalekereredwa limawonjezera kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, sitiroko, shuga ndi ngozi zapamsewu.

Njira yochepetsera vutoli ndi mpweya wa makina inalengezedwa mu 1981 ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan. Makinawo amakankha mpweya pang'onopang'ono kudzera m'payipi mpaka pa masiki ya pamphuno, ndipo mphamvu ya mpweyawo imaletsa khosi kutsekeka. Kuno kwathu nzeru yomweyi ikupulumutsa ana obadwa masiku asanakwane kudzera m'makina a Pumani, amene anapangidwa ndi Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Chifukwa chake payipi ina imatenthetsa

Makina ambiri a akuluakulu ali ndi kathanki ka madzi kamene kamanyowetsa mpweya kuti mphuno ndi kukhosi zisaume. Koma mpweya wofunda ndi wachinyezi ukadutsa m'payipi yozizira, umasanduka madontho ngati mmene chimachitira chivundikiro cha poto. Madonthowo amalira m'payipi usiku, ena amafika mpaka kumaso. Payipi yotenthetsa ili ndi kawaya kozungulira m'khoma lake, kamene kamasunga mpweya uli wofunda mpaka ukafike pamphuno. Pa makina a ResMed AirSense 10, mwachitsanzo, kutentha kwake kumasinthidwa pakati pa madigiri 16 ndi 30.

M'chipinda chozizira cha ku Thyolo, payipi yotere ndi yothandiza kwambiri. Komabe malo ofunda, onyowa ndi amdima ndi amene nguwi ndi tizilombo toyambitsa matenda timakonda. Chilichonse chimene chamera m'menemo, munthu amachipuma usiku wonse.

Katsukidwe kake

Anthu ambiri amaopa kuika payipi ya waya m'madzi. Kawayako n'kokutidwa bwino, choncho payipiyo imatsukika. Malo ofunika kusamala ndi kumutu kwake kumene kuli tizitsulo tolumikizira magetsi. Kamodzi pa sabata chitani izi:

1. Zimitsani makina ndi kuzula pulagi pakhoma.
2. Chotsani payipi pogwira kumutu kwake kolimba. Mukamakoka pathupi pake, imang'ambika.
3. Ikani madzi ofunda m'beseni loyera, osati otentha, ndi kudonthezamo sopo wamadzi wotsukira mbale wopanda fungo lamphamvu.
4. Lowetsani madzi a sopowo m'payipi, tsekani mbali zonse ziwiri ndi manja, ndipo kwezani mbali iyi ndi iyo kuti madzi ayende m'kati monse. Ngati muli ndi kaburashi kake kakatali, kagwiritseni ntchito mosakhula.
5. Tsukuluzani ndi madzi oyera mpaka thovu litatha. Ngati madzi anu ndi a pachitsime kapena a kumtsinje, yambani mwawawiritsa ndi kuwasiya azizire.
6. Kolekani payipi pachingwe kapena pachitseko, mitu yonse iwiri italoza pansi, pamthunzi podutsa mphepo.
7. Musanailumikize, onetsetsani kuti tizitsulo ta magetsi tija tauma gwa.

Kuumitsa ndiye vuto lalikulu m'nyengo ya chiperoni. Musayanike payipi padzuwa lamphamvu, pafupi ndi mbaula, kapena pamwamba pa moto, chifukwa pulasitiki imauma n'kuyamba kusweka, komanso utsi umalowamo. Tsukani m'mamawa kuti ikhale ndi tsiku lonse. Ngati madzulo mwaona timadontho totsala, ilumikizeni ku makina kathanki kali kopanda madzi, muwayatse kwa mphindi zingapo kuti mpweya uiumitse. Amene angathe agule payipi yachiwiri kuti zizisinthana. M'nyumba zathu zambiri Lachisanu m'mawa ndi nthawi yochapa ndi kukonza zonse Sabata lisanalowe, choncho kuika payipi pa ntchito za tsikulo kumathandiza kuti isaiwalike.

Zoyenera kupewa

Jik, mankhwala a klorini, spiriti ndi sopo wonunkhira kwambiri siziyenera kulowa m'payipi. Zimawononga pulasitiki, ndipo zotsalira zake zimapsereza mphuno ndi mapapo. Madzi owira nawonso amapinda payipi.

Chenjeraninso ndi timakina timene timagulitsidwa pa intaneti kuti timayeretsa CPAP ndi mpweya wa ozone kapena kuwala kwa UV popanda madzi. Mu February 2020 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti silinavomereze timakina totere, anthu ena atadandaula za kutsokomola ndi kubanika. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri a CPAP chifukwa siponji yochepetsa phokoso m'kati mwake inkafumbutuka, ndipo inati kutentha, chinyezi ndi ozone zikhoza kufulumizitsa vutolo. Popeza makina ambiri amene amafika m'makomo mwathu ndi otumizidwa ndi abale akunja, ena ogwiritsidwapo kale ntchito, ndi bwino kuona dzina ndi nambala ya makina anu ndi kufunsa adokotala ngati ali m'gulu limenelo.

Zina zoyendera limodzi ndi payipi

Payipi yoyera siipindula kanthu ngati kathanki kali kauve. Tayani madzi otsala m'mawa uliwonse, kathankiko kaume. Madzi abwino kuthiramo ndi osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, amene amapezeka m'mafamase. Madzi owiritsa alibe tizilombo koma amasiya zoyera zokakamira pansi, zimene zimachoka mukaviika kathanki m'madzi osakaniza ndi viniga pang'ono monga likunenera buku la makina anu. Pukutani masiki tsiku lililonse kuti mafuta a kumaso asaunjikane. Yang'ananinso kasefa ka mpweya kumbuyo kwa makina, makamaka m'miyezi ya fumbi ya September ndi October, kapena ngati khitchini ya nkhuni ili pafupi ndi chipinda chogona. Kakada, kasintheni. Payipi ikabooka, ikauma, kapena ikachita nguwi yosachoka, palibenso kuchitira mwina koma kugula ina.

Ndi mmene zinathera kwa banja lija. Payipi yakaleyo inatayidwa, mwana wawo anatumiza ziwiri zatsopano, ndipo bambo anabwerera pa makina awo. Titakumana nawo miyezi iwiri pambuyo pake, mayi anatiuza kuti tsopano bambo amatsuka okha, ndipo akachedwa amakumbutsidwa ndi mdzukulu wawo amene amabwera ndi beseni.

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene amaliza mkonono kwambiri, amaleka kupuma kutulo, kapena amangosinza masana, pitani naye kuchipatala, kaya ku Malamulo, ku chipatala cha boma cha Thyolo, kapena chimene muli nacho pafupi. Amene amagona naye chipinda chimodzi apite nawo, chifukwa ndi amene amaona zimene wodwalayo sangazione. Ndipo ngati muli kale pa makina koma mwayamba chifuwa chosatha, kutentha thupi kapena kupuma movutikira, kaonaneni ndi adokotala msanga m'malo mobisa makinawo pansi pa bedi.