Mafuta Akale Ayendetsa Lole

Lole ndi galimoto yaikulu. Malole amanyamula fodya ndi cimanga kucokera ku Maravia kupita ku Tete. Pobwerera ku Fingoè amatenga mcere, sopo ndi mabuku.

Lole imayenda ndi dizilo. Dizilo amacokera pansi pa nthaka. Akapsa mu injini amatulutsa utsi wakuda. Utsiwu umatsokomoletsa ana ndi agogo. Mu utsimo mulinso mpweya wotenthetsa dziko. Dziko likatentha mvula imasokonezeka, ndipo cimanga cimafota m'munda.

Koma injini ingathe kuyenda ndi mafuta ena. M'caka ca 1900, mumzinda wa Paris, anthu anaona injini ikuyenda ndi mafuta a mtedza.

Mafuta okazingira nawonso angathandize. Amayi akakazinga mandasi kambirimbiri, mafuta amada. Mafuta akuda si abwino kudya. Akatayidwa mumtsinje amaipitsa madzi. Koma si zinyalala ai.

Anthu amawasonkhanitsa m'migolo n'kupita nawo kufakitale. Kumeneko amawasefa kuti nyenyeswa zicoke. Kenako amawatenthetsa pang'ono n'kuthiramo mankhwala awiri, metanolo ndi soda. Zolemera zimatsikira pansi. Zimenezo amapangira sopo. Pamwamba pamatsala mafuta oyera. Dzina lake ndi bayodizilo. Lita 1 ya mafuta akale imapereka pafupifupi lita 1 ya bayodizilo.

Mankhwala aja ndi oopsa. Amawotcha khungu ndi maso. Nchito imeneyi ndi ya kufakitale, si ya pakhomo.

Bayodizilo satulutsa utsi wakuda wambiri. Sawonjezeranso kwambiri mpweya wotenthetsa dziko. Cifukwa cake n'cakuti mafutawa amacokera ku mtedza ndi mpendadzuwa. Mbewuzi zimamwa mpweya womwewo pamene zikukula.

M'caka ca 2007, ku Britain, kampani ya McDonald's inayamba kuthira bayodizilo m'malole ake. Bayodiziloyo anali wa mafuta okazingira mbatata. M'caka ca 2009, boma la Mozambique linalemba ndondomeko ya mafuta ocokera ku mbewu.

Mafuta akale ndi ocepa, malole ndi ambiri. Motero bayodizilo amasakanizidwa ndi dizilo. Mgolo uliwonse wa bayodizilo umacepetsako utsi pamsewu.

Mafunso

1. Kodi malole amanyamula ciani ku Maravia?
2. Kodi utsi wakuda umatani ana?
3. Kodi bayodizilo amapangidwa kuti?