Tianthu ta mphuno zosongoka: kuzindikira zithunzi za m'ma 1950 ndi kumene zimapezeka

Aliyense amene adasankhapo zovala pa mulu wa kaunjika, kaya pa msika wa ku Ulongwe, ku Domwe, ku Zobue kapena uko pa Lizulu, sangakane kuti adaonapo malaya a ana ojambulidwa kamunthu kamutu waukulu, mphuno yosongoka ngati mulomo wa nkhuku, ndi timiyendo towonda ngati timitengo ta machesi. Tianthu totere timapezekanso m'mabuku akale a ana amene adafika kuno kudzera m'mamishoni ndi m'mabungwe othandiza, ndiponso pa zikuto za mbale za galamafoni. Ambiri timangoti ndi zidole za ana, ndipo tsamba la bukulo timakulungira usipa kapena kupichirira fodya.

Awerengi athu, kajambulidwe kameneka kali ndi dzina, kali ndi mbiri, kalinso ndi eni ake. Kadabadwira ku America m'zaka za m'ma 1940 ndipo kadafala kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Pa Chingerezi amakatchula kuti mid-century modern, ndiko kunena kuti luso latsopano la pakatikati pa zaka za m'ma 1900. Dzinali lidatchuka mu 1984, mayi Cara Greenberg atalemba buku lonena za mipando ya nthawi imeneyo, ndipo pambuyo pake anthu adayamba kulitchula ponena za nyumba, ziwiya ndi zithunzi zomwe. Lero kumaiko akunja kuli anthu amene amasakasaka mabuku ndi mapepala a zithunzi zimenezi n'kumagula, ndipo ojambula ambiri amazitsanzira. Tsono ndi bwino kuti nafenso tidziwe chimene tagwira m'manja tisadachiponye pamoto.

Zidayamba ndi sitalaka

M'zaka za m'ma 1930 mfumu ya makatuni inali kampani ya Walt Disney. Kumeneko ankafuna kuti chithunzi chizioneka ngati chamoyo: thupi lobulungira, mthunzi pamalo pake, mtengo wokhala ndi masamba ake onse. Kanema wawo wa Snow White wa mu 1937 adatenga zaka ndi ojambula mazanamazana, chifukwa pa kanema zithunzi 24 zimadutsa pa sekondi imodzi yokha.

Mu Meyi 1941 antchito ambiri a kampaniyo adanyanyala ntchito podandaula za malipiro ndi ufulu wokhala ndi bungwe lawo. Sitalakayo itatha, ena adachotsedwa, ena adachoka okha. Atatu mwa iwo, Stephen Bosustow, David Hilberman ndi Zachary Schwartz, adatsegula kakampani kawo mu 1943, kamene patsogolo pake kadatchedwa UPA. Mnzawo John Hubley adawatsatira. Anthuwa analibe ndalama ngati za Disney, komanso mitima yawo inali kwina. Ankakonda ntchito za akatswiri a ku Ulaya monga Picasso, Matisse, Miró ndi Paul Klee, amene adasiya kukopera chinthu monga chilili n'kuyamba kujambula mzimu wake ndi mizere yochepa. Picasso yemweyo, cha m'ma 1907, adaphunzira zambiri poyang'ana zigoba zakumaso zosemedwa ndi anthu a mu Africa muno, zimene adaziona ku Paris.

Mu 1949 UPA idatulutsa Mr. Magoo, nkhalamba yosaona bwino koma yosafuna kuvomera. Mu 1950 idatulutsa Gerald McBoing-Boing, nkhani ya kamnyamata kamene m'malo moyankhula mawu kankangotulutsa phokoso ngati la belu kapena la sitima. M'kanema ameneyu chipinda chimasonyezedwa ndi chitseko ndi nyale basi, khoma palibe, ndipo nkhope ya mwanayo imatenga mtundu womwewo wa kumbuyo kwake. Kanemayu adalandira mphoto ya Oscar mu 1951. Kuchokera pamenepo aliyense adafuna kujambula chotero. Ngakhale a Disney omwe adagonja, natulutsa Toot, Whistle, Plunk and Boom mu 1953, kanema wa tianthu tamakonamakona amene nayenso adapata Oscar.

Chidafalitsa ndi kutchipa

Chimene chidathandiza kwambiri ndi kubwera kwa wailesi yakanema. Amalonda ankafuna timakanema tachidule totsatsira sopo, khofi ndi galimoto, ndipo ankatifuna msanga, pa mtengo wotsika. Mawailesi a nthawiyo ankaonetsa zakuda ndi zoyera zokha pa kagalasi kakang'ono, motero chithunzi cha mizere yochindikala ndi yochepa ndicho chinkaoneka bwino.

William Hanna ndi Joseph Barbera adatsegula kampani yawo mu 1957, ndipo mu 1960 adayamba kuonetsa The Flintstones, banja lija lovala zikopa, lojambulidwa ndi Ed Benedict. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti zidole zambiri za kampaniyi, monga chimbalangondo Yogi Bear, zili ndi kolala kapena tayi pakhosi. Chifukwa chake n'chakuti kolalayo inkabisa polekezera mutu, ndiye thupi ankalijambula kamodzi kokha, n'kumangosintha mutu ndi pakamwa. Ntchito inkachepa, ndalama n'kutsala.

Kajambulidweka sikadathere ku America. Ku Zagreb, m'dziko limene nthawiyo linkatchedwa Yugoslavia, Dušan Vukotić adapanga kanema wotchedwa Surogat mu 1961, wonena za bambo wa thupi la makona atatu amene akafika kunyanja amapopa chilichonse ndi mpweya, ndi mkazi yemwe. Mu 1962 adalandira Oscar, ndipo adali kanema wa makatuni woyamba wochokera kunja kwa America kulandira mphotoyo. Nyalugwe wapinki uja, Pink Panther, amene a Chipwitikizi amati Pantera Cor-de-Rosa, adayamba kuoneka mu 1963.

Zizindikiro zisanu ndi chimodzi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatenga chithunzi, yang'anani izi.

Choyamba, thupi la munthu kapena nyama limamangidwa ndi makona atatu, makona anayi, kapena kuzungulira ngati dzira. Mutu ndi waukulu, mapazi ndi aang'onong'ono, osongoka.

Chachiwiri, nkhope imaoneka cham'mbali, mphuno italoza uko, koma maso onse awiri ali mbali imodzi. Masowo kawirikawiri ndi timadontho tiwiri takuda.

Chachitatu, chithunzi ndi chafulati. Mulibe mthunzi wosonyeza kunenepa kwa chinthu, ndipo tebulo limatha kuoneka ngati lapendekeka, mbale zili pafupi kugwa.

Chachinayi, mitundu ndi yochepa, iwiri kapena itatu pamodzi ndi wakuda. Yokondedwa kwambiri inali yachikasu chonga cha dzungu, yalalanje, yapinki, yobiriwira mofuwirira ndi yabuluu wonga wa madzi a m'nyanja.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chizindikiro chachikulu, utoto sulemekeza mzere. Wojambula amayamba wapaka chibanthu cha mtundu, kenaka n'kujambula mzere wakuda pamwamba pake mosalondola m'mphepete, mwakuti utoto umatulukira kunja kwina, kwina n'kuperewera. Poyamba zimenezi zinkachitika mwangozi m'makina osindikizira, popeza mtundu uliwonse unkadindidwa paokha ndipo pepala linkasuntha pang'ono. Ojambula adaona kuti zikukongola, nayamba kuchitira dala.

Chachisanu ndi chimodzi ndi tizokongoletsa ta m'mbali: tinyenyezi ta nthambi zazitali ndi zazifupi, zibanthu zopindika ngati impso kapena nyemba, timadayamondi, ndi chizindikiro cha atomu. Inali nthawi ya bomba la atomu ndi ya Sputnik, chombo chimene a Soviet Union adaponya mumlengalenga mu 1957, ndiye maroketi ndi nyenyezi zidadzaza paliponse.

Mayina oti muwasunge

M'mabuku a ana, yang'anani dzina la wojambula pa tsamba loyamba. Mary Blair, amene adamwalira mu 1978, ndiye adakonza mitundu ya makanema a Disney a Cinderella, Alice in Wonderland ndi Peter Pan, ndipo ana ake ojambula amakhala a mitu yozungulira ndi masaya ofiira. Alice ndi Martin Provensen, mkazi ndi mwamuna wake, adajambula The Color Kittens mu 1949. Miroslav Šašek wa ku Prague adayamba mu 1959 mndandanda wa mabuku oonetsa mizinda, loyamba lake This is Paris. Pa zikuto za mbale za nyimbo, katswiri adali Jim Flora, amene adagwira ntchito ku Columbia m'ma 1940 ndi ku RCA Victor m'ma 1950, ndipo oimba ake amakhala opindikapindika ngati agwidwa ndi gule. Wofuna mbiri yonse ya makanemawa afunefune buku la Amid Amidi lotchedwa Cartoon Modern, la mu 2006.

Chakale chenicheni kapena chongotsanzira

Apa ndi pofunika kusamala, pakuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kajambulidweka kadabwereranso m'zaka za m'ma 1990 ndi makatuni monga Dexter's Laboratory a mu 1996 ndi The Powerpuff Girls a mu 1998, ndipo zambiri zimene timaona pa malaya a kaunjika ndi za m'gulu limeneli. Masiku ano kompyuta imathanso kupanga chithunzi chooneka chakale m'kanthawi kochepa, ndi madontho a ukalamba omwe. Zotere ndi zokongola ndithu, koma si zakale.

Buku limadziulula lokha. Likakhala ndi timizere takuda tija timene amawerengera mtengo m'masitolo akuluakulu, dziwani kuti lidasindikizidwa pambuyo pa 1974. Likakhala ndi nambala ya ISBN, ndi la cha m'ma 1970 kapena pambuyo pake. Keyala ya ku America yokhala ndi manambala asanu kumapeto idayamba mu 1963. Chaka cholembedwa m'kati chisakunyengeni, chifukwa chimangonena nthawi imene bukulo lidatuluka koyamba, pamene limene mwagwiralo likhoza kukhala lobwereza.

Timabuku ta msana wagolide totchedwa Little Golden Books tidayamba mu 1942 ndipo tinkagulitsidwa masenti 25 mpaka 1962, pamene mtengo udakwera kufika masenti 29. Mtengowo umalembedwa pa chikuto. M'timabuku ta pakati pa 1947 ndi 1970, tsegulani tsamba lomaliza, muyang'ane pansi chakumsana: mupeza kachilembo kamodzi. A ndiye kuti kusindikiza koyamba, B kwachiwiri, mpaka m'tsogolo. Osonkhanitsa mabuku amafuna kwambiri A. Tisanamizane, timabukuti tidasindikizidwa mamiliyoni, ndipo tambiri sitingagule ngakhale mbuzi, makamaka tikakhala tong'ambika kapena tolembedwalembedwa. Komabe loyera bwino, la wojambula wodziwika, ndi loyenera kulisunga pouma, kutali ndi chiswe ndi dzuwa.

Kumene mungazipeze

Yambani pafupi: m'makatoni a mabuku akale a ku sukulu ndi ku mishoni, m'masutikesi a agogo, ndi kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu ya ku Tete, Lilongwe ndi Blantyre. Magazini akale ndiwo nkhokwe yeniyeni, chifukwa masamba ake otsatsa malonda adadzaza tianthu timeneti. Mabuku a maphikidwe, mapepala ophunzitsa zaukhondo ndi makalendala a zaka zimenezo musawapitirire.

Amene muli ndi foni ya intaneti, kapena mwana wanu ali nayo, mawu ofufuzira ndiwo kiyi. Mukalemba kuti makatuni akale mudzatopa osapeza. Lembani mid-century modern illustration, kapena UPA style, kapena 1950s clip art, ndipo pa Chipwitikizi ilustração anos 50. Mukakhala ndi chithunzi koma dzina la mwini wake simulidziwa, chijambuleni ndi foni n'kuchifufuza ndi Google Lens, imene imaonetsa zina zofanana nacho. Ku Internet Archive kuli magazini ndi mabuku akale ambirimbiri oti muone mwaulere, ndipo m'chigawo chake cha Prelinger Archives muli timakanema totsatsa malonda ndi tophunzitsa ta nthawi imeneyo.

Mawu kwa olemba zikwangwani

Inu anyamata ndi atsikana amene mumalemba pa makoma a magolosale, mabalabeshopu ndi zigayo, kajambulidweka kadachita ngati kukonzera inu. Penti ndi wodula, koma apa zitini ziwiri ndi kabotolo ka wakuda zikwanira. Simufunika kulimbana ndi mthunzi kapena kufananitsa nkhope ngati ya pa chitupa. Chibanthu cha mtundu, mzere wakuda wolimba mtima, ndipo munthu wa pa njinga adzazindikira ali patali kuti apa amameta, apa amagulitsa buledi.

Koma safunsa adadya phula. Kajambulidwe kalibe mwini, aliyense akhoza kukaphunzira n'kupanga tianthu take. Chidole chodziwika, monga Fred Flintstone kapena Pink Panther, chili ndi eni ake, ndipo kuchidinda pa katundu wogulitsa popanda chilolezo ndi kulakwira lamulo la umwini wa zaluso. Ku America lamuloli limateteza ntchito za nthawi imeneyo kwa zaka 95 chitulukireni. Zina zotuluka isanafike 1964 zidamasuka chifukwa eni ake sadalembetsenso patatha zaka 28, koma zimenezi zimafunika kufufuza chimodzichimodzi, osangoganizira.

Njira yabwino ndi kutenga nzeru yake n'kujambula zathu: mayi wosenza dengu la mbatata ya kachewere, bambo wa ngolo ya ng'ombe, tambala wa makona atatu. Yesani kaye ndi makala pa katoni, mitundu iwiri yokha, muone ngati mnzanu ataima patali angadziwe chimene mwajambula. Akadziwa, tengani bulashi mupite pa khoma.